Tayala, tulo ndi mphepo: momwe Charles Terront anapambanira

Anthu ambiri akamaonera mpikisano wa njinga amaganiza kuti amapambana ndi wa miyendo yamphamvu basi. Ine monga mphunzitsi wa opalasa njinga za mpikisano ndimati miyendo ndi gawo chabe, ndipo umboni wanga ndi Charles Terront wa ku France.

Terront anabadwa mu 1857 ku Saint-Ouen, kufupi ndi Paris. Anayambira pa njinga zakale zija za gudumu lakutsogolo lofika m'chifuwa mwa munthu. Gudumulo ankalikulitsa dala. Njingazo zinalibe tcheni kapena magiya, mapedulo anali pagudumu pomwepo, choncho ukapalasa kamodzi gudumu linkazungulira kamodzi, ndipo lalikulu ndi lomwe linkakufikitsa patali. Njinga za tcheni zitabwera, Terront anasamukira komweko.

Mu Seputembala 1891, nyuzipepala ya Le Petit Journal inakonza mpikisano wochoka ku Paris kukafika ku Brest n'kubwerera, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200. Ananyamuka anthu oposa 200, ndipo wotchi sinkaima usana ndi usiku. Terront anapambana atatenga maola 71 ndi mphindi 22.

Choyamba chomwe chinamuthandiza ndi tayala. Matayala opopa a nthawi imeneyo ankamatidwa kulimu ndi guluu, moti likaphulika panjira ntchito yake inali ya maola. Abale awiri, André ndi Édouard Michelin a ku Clermont-Ferrand, anali atangopanga tayala lotha kuvula, kumata chubu n'kubwezera. Terront anamanga matayala amenewa panjinga yake ya Humber. Matayalawo ankaphulika ndithu m'misewu yamiyala, koma sankamukhalitsa pansi nthawi yaitali.

Chachiwiri ndi tulo. Mdani wake wamkulu, Jiel-Laval, ndiye anatsogola kufika ku Brest. Pobwerera tulo tinamulaka, anaima kuti agone, ndipo Terront anamudutsa ali mtulo. Jiel-Laval anakafika ku Paris patapita maola pafupifupi 8 mnzake atalowa kale.

Chachitatu ndi mphepo. Akatswiri onga Terront ankakhala ndi anthu owatsogolera, osinthana kupalasa patsogolo pawo. Wopalasa liwiro amathera mphamvu zambiri polimbana ndi mphepo, ndipo wobisala kumsana kwa mnzake amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvuzo. Mukaona opikisana a lero atandondozana gudumu ndi gudumu, musawayese aulesi, akusunga mphamvu zokathera kumapeto.

Nanga ndalama zochitira zonsezi zinkachokera kuti? Opanga njinga ndi matayala ankalipira akatswiri kuti aonetse dziko kuti katundu wawo ndi wolimba. Terront atapambana, a Michelin anapezapo potsatsira tayala lawo. Ndi chifukwa chake mpaka pano malaya a opikisana amadzaza maina a makampani.

Mu 1893 Terront anapalasa kuchoka ku Saint Petersburg kukafika ku Paris, makilomita pafupifupi 3,000, m'masiku 14. Anamwalira mu 1932. Ulendo wa Paris-Brest-Paris ukuchitikabe zaka zinayi zilizonse, tsopano wa anthu wamba opatsidwa maola 90.

Wophunzira akamandiuza kuti wakonzekera mpikisano wautali, ndimayamba ndamupatsa gudumu kuti avule tayala ndi kusintha chubu ine ndikuyang'ana wotchi. Akachedwa, sabata imeneyo amaphunzira zimenezo asanakwere phiri lililonse.