Paki ya ku New York yomwe inatsala pang'ono kusanduka dzala

Munthu amene anaponda mu Central Park chapakatikati pa zaka za m'ma 1970 ankaona zomvetsa chisoni. Pa Sheep Meadow, pomwe lero anthu amagona chagada pa kapinga, panali fumbi lokhalokha. Mabenchi anali othyoka, magetsi ambiri osayaka, ndipo nyumba yamiyala ya Belvedere Castle inali yotseka, makoma ake atalembedwalembedwa ndi penti. Dzuwa likalowa, anthu ankazemba malowa.

Komatu iyi ndi paki ya mahekitala 341, kukula kwake kuposa mabwalo a mpira 450, ndipo ili pakati penipeni pa Manhattan mumzinda wa New York. Mapulani ake anajambula Frederick Law Olmsted ndi Calvert Vaux mu 1858. Chimene chinaiwononga si chimphepo kapena nkhondo ayi. Mu 1975 mzindawo unatsala pang'ono kugwa ndi ngongole, ndipo akuluakulu atayamba kudula bajeti, mapaki anali m'gulu la zoyamba kumanidwa ndalama. Antchito anachepa, ngalande zinatsekeka, mitengo inasowa woisadza.

Zinthu zinayamba kutembenuka mu 1979 pamene mayi Elizabeth Barlow Rogers anaikidwa kukhala woyang'anira pakiyo, pa nthawi ya Meya Ed Koch. Chaka chotsatira, mu 1980, kunabadwa Central Park Conservancy, bungwe losapanga phindu lomwe ntchito yake inali kusonkhanitsa ndalama kwa anthu akufuna kwabwino ndi kugwirira ntchito limodzi ndi mzinda.

Chimene ambiri amachiiwala n'chakuti bungweli silinathamangire kumanga zinthu zatsopano zoti atsogoleri adzadulirepo riboni. Linayamba ndi kafukufuku wotopetsa, wa zaka zingapo. Akatswiri anawerenga mitengo, anapima nthaka, anatsata komwe madzi amvula amalowera, anaona njira zimene anthu amakonda kudutsa ngakhale pomwe palibe msewu. Zotsatira zake zinatuluka mu 1985 ngati pulani imodzi ya paki yonse. Pulaniyo ndiyo inapatsa opereka ndalama chikhulupiriro, chifukwa aliyense ankatha kuloza ndi chala pomwe ndalama yake ikagwere, komanso ntchito yomwe idzatsatire ikatha imeneyo. Motero ntchito inayenda chigawochigawo: dziwe la Harlem Meer linatsegulidwanso mu 1993, bwalo lalikulu la Great Lawn mu 1997.

Kukonza n'kosavuta poyerekeza ndi kusamala chimene wakonzacho. Mu 1996 pakiyo inagawidwa m'zigawo 49, chilichonse ndi wosamalira wakewake. Kapinga akauma pena pake, zinyalala zikaunjikana, amadziwika woti afunsidwe, ndipo iye amadziwanso mtengo uliwonse wa m'dera lake ngati mmene mlimi amadziwira munda wake. Nzeru imeneyi siilira mamiliyoni, ndipo ndiyo yoyenera kuyamikiridwa koposa m'nkhani yonseyi.

Mu 1998 mzinda unasainirana ndi bungweli mgwirizano woti liziyendetsa pakiyo tsiku ndi tsiku. Malo akadali a mzinda, kulowa n'kwaulere, koma gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera pakiyo chaka ndi chaka amapeza ndi a bungwewa. Chiyambireni, ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola zalowa m'pakiyi. Mu 2012 mpondamatiki John Paulson yekha anapereka madola 100 miliyoni. Masiku ano pakiyi imalandira alendo pafupifupi 42 miliyoni pachaka.

Apa ndiye pagona vuto. Central Park yazunguliridwa ndi nyumba za anthu olemera kwambiri, omwe akasuzumira pawindo amaona pakiyo, ndipo ikakongola mtengo wa nyumba zawo umakwera. Kapaki ka ku Bronx kapena kum'mawa kwa Brooklyn, madera ena a mzinda womwewu, kalibe oyandikana nawo otero, chonsecho ana a kumeneko ndi amene alibiretu pena posewerera. Mu 2013 phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha New York, Daniel Squadron, anaganiza zoti mabungwe olemera a mapaki azipatulako 20 peresenti ya ndalama zawo kuthandiza mapaki osauka. Ganizoli linautsa mkangano ndipo silinakhale lamulo. Komabe linatsegula anthu maso, ndipo mu 2014 Meya Bill de Blasio anakhazikitsa Community Parks Initiative, n'kuika madola 130 miliyoni a mzinda kuti akonzere mapaki ang'onoang'ono 35 omwe anakhala zaka 20 osalandira ndalama yooneka.

Choncho njira ya Central Park siyoti mzinda uliwonse ungangoitengera yonse. Pulani yolembedwa bwino ndi wosamalira wodziwika dzina n'zotheka paliponse, koma mphatso za olemera zimagwa pomwe olemerawo amakhala, ndipo mapaki otsalawo amadalirabe msonkho. Magulu ngati New Yorkers for Parks akhala akupempha kuti mapaki azipatsidwa 1 peresenti yokha ya bajeti ya mzinda. Kwa zaka zambiri tsopano, zomwe amalandira zakhala zikungopitirira pang'ono theka la pamenepo.