Nkhokwe za Ainka: Mmene Anthu a ku Andes Ankapewera Njala

Ambiri a ife timadya mbatata ya kachewere osadziwa kuti kwawo kwenikweni ndi ku mapiri a Andes, ku South America, kumene lero kuli maiko a Peru ndi Bolivia. Inayamba kulimidwa zaka zoposa 7,000 zapitazo m'madera ozungulira nyanja ya Titicaca, imene ili pamwamba pa mapiri, mamita 3,800 kuchokera pa nyanja ya mchere. Usiku kumeneko kumazizira mpaka madzi kuundana, ndipo chisanu chikhoza kupsereza munda wonse kusanache. Tsono anthu miyandamiyanda ankakhala bwanji m'dziko lotere osatha ndi njala?

Tikamva za Andes timafulumira kutchula Ainka, koma iwowa anabwera kumapeto. Ufumu wawo, umene likulu lake linali Cusco, unayamba kukula cha m'ma 1438 pansi pa mfumu Pachacuti, ndipo sunathe zaka 100 uli pamphamvu. Nzeru zambiri anazipeza kwa anthu akale. Ku Caral, kufupi ndi gombe la Peru, mayi Ruth Shady anayamba kufufuza mu 1994 mzinda wa zaka zoposa 4,500. Anapeza kuti alimi a kumeneko ankalima thonje limene asodzi ankalukira maukonde, ndipo asodziwo ankabweza nsomba zing'onozing'ono zonga usipa. Ife a kunyanja malonda otere sitichita kuwafunsa.

Kumapiri, chisanu chomwe chija anachisandutsa wantchito wawo. Ankayala mbatata pansi usiku kuti iundane, masana n'kumaiponda ndi mapazi kuti madzi atuluke, dzuwa n'kuiumitsa. Patapita masiku angapo inkasanduka chakudya chopepuka chotchedwa chuño, chimene chimakhala zaka osawonongeka. Mpaka lero chimagulitsidwa m'misika ya ku Puno ndi La Paz. Nyama ya llama, chiweto chawo chonyamula katundu, ankaifutsanso chimodzimodzi.

Chimene Ainka anawonjezera ndicho nkhokwe za boma. Ankazimanga ndi miyala m'mizeremizere m'mbali mwa mapiri, pamalo opita mphepo, m'mphepete mwa misewu yawo yotalika makilomita oposa 30,000. Pa Huánuco Pampa pokha, katswiri wina dzina lake Craig Morris anawerenga nkhokwe pafupifupi 500. M'menemo munali chimanga, chuño, nsalu, nsapato ndi zida za nkhondo. Ndalama kunalibe, msonkho unali thukuta la munthu. Banja lililonse linkagwira ntchito mosinthanasinthana m'minda ya boma, pa misewu kapena ku nkhondo, ndipo ntchitoyi ankaitcha mit'a.

Tisawakometsere kwambiri ai. Nkhokwezi zinkadyetsa makamaka asilikali, akuluakulu a boma ndi ogwira ntchito ya mfumu, ndipo midzi yathunthu inkasamutsidwa mokakamiza kupita kutali ndi kwawo. Komabe boma loti lidziwe kuchuluka kwa chimanga chimene chili m'nkhokwe ya kutali mtunda wa miyezi, si boma lamasewera.

Nanga ankadziwa bwanji popeza analibe zilembo? Apa ndiye pali chodabwitsa. Ankagwiritsa ntchito zingwe za thonje kapena za ubweya zomangidwa mfundo, zotchedwa khipu. Pa chingwe chachikulu ankalendewetsa zingwe zing'onozing'ono zamitundumitundu. Mfundo za kumunsi zinkaimira chiwerengero cha 1 mpaka 9, zapamwamba pake makumi, zapamwambanso mazana, ndipo malo osiyidwa opanda mfundo ankatanthauza ziro. Amene anatsimikiza zimenezi ndi Leland Locke mu 1912. Lero zatsala khipu zoposa 1,000, zambiri zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Za masamu akatswiri amaziwerenga, koma zilipo zina zimene mfundo zake sizitsata masamu, ndipo ntchito yofuna kumva uthenga wake ikupitirirabe.

Mu 1532 Francisco Pizarro wa ku Spain, ndi anthu 168 okha, anagwira mfumu Atahualpa ku Cajamarca, ufumuwo utangofooka ndi nkhondo ya pachiweniweni, ndipo anamupha chaka chotsatira. Alendowo anayenda m'misewu ya eni dziko nadya za m'nkhokwe zawo. Pambuyo pake mit'a ija anaisandutsa thangata la ku migodi ya siliva ya ku Potosí, kumene kunafera anthu ochuluka.

Koma osunga zingwe sanaleke kuwerenga. Mu 1561 mafumu a mtundu wa Wanka a ku Jauja anakadandaula ku bwalo la milandu la Asipanya ku Lima, kufuna kuti boma liwabwezere. Umboni wawo unachokera pa khipu: amuna ndi akazi angati anatengedwa, llama zingati, chimanga chochuluka bwanji, zovala, nsapato, miphika, ngakhale nkhuni, kuyambira pamene gulu la Pizarro linafika kwawo mu 1533. Alembi a bwalo anazilemba zonse papepala, ndipo mapepalawo akuthandiza akatswiri lero kudziwa ndondomeko imene katundu ankaikidwira pa zingwe.