Injini Ikayamba Kumisa

Aliyense amene anakwerapo chitunda cha Golomoti galimoto ikujejema ngakhale atapondetsa mafuta, kapena anaimapo pamphambano chiwongolero chikunjenjemera m'manja mwake, aidziwa nthenda imene amakaniko amati kumisa. Pakuti m'silinda iliyonse ya injini ya petulo mufunika mpweya ndi mafuta zosakanizika bwino, zopanikizidwa ndi pisitoni, kenaka moto wa pulagi pa nthawi yake. Ndipo chimodzi mwa izi chikasoweka, silindayo imagona, ndipo pa injini ya masilinda anayi zinzake zitatu zimasenza katundu wa zinayi.

Ndimamva chisoni ndikaona munthu akugula mapulagi lero, mawa koyilo, mkuja pampu, asanadziwe konse silinda yodwalayo, chonsecho akulu adatiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Makaniko wodziwa ntchito yake amayamba walumikiza kamakina kounikira zilema pa soketi ya pansi pa chiwongolero, ndipo pakatuluka nambala P0302 amadziwa kuti mlandu uli pa silinda yachiwiri, pamene P0300 imasonyeza kuti kumisako kukuyendayenda, mwina chifukwa cha paipi yong'ambika imene ikuba mpweya, kapena petulo wa m'zigubu wolowa madzi. Akatero amasinthanitsa koyilo ya silinda yodwala ndi ya inzake, nalizanso injini. Chilema chikasamuka pamodzi ndi koyiloyo, wolakwa wapezeka osatayapo ndi tambala yomwe.

Chikapanda kusamuka, amamasula pulagi naiyang'anitsitsa kunsonga, popeza umboni wake sunama. Mwaye wakuda wouma ukunena kuti mafuta achuluka, kuyera mbuu kukunena kuti achepa, ndipo pamenepo jekita yotsekeka ndi zinyalala iyenera kufunsidwa. Koma pulagi yonyowa ndi oyilo kunsongako ndiyo yodetsa nkhawa, chifukwa imaloza ku maring'i a pisitoni kapena masilo a mavavu amene atha. Apa mpofunika kuyeza mphamvu ya kupanikiza m'masilinda onse, ndipo imodzi ikatsalira kutali ndi zinzake, pulagi yatsopano singachize kanthu, injini iyenera kutsegulidwa basi.

Nyali yochenjeza za vuto la injini ikamaphethira m'malo mongoyaka, ndikupemphani, a dalaivala, patukani muime. Petulo amene sanapse m'silinda amakapsera m'katalisiti ya ku ekizozi naisungunula m'kati, ndipo mtengo wa chipangizo chimenecho umaposa kutalitali wa mapulagi anayi ndi koyilo pamodzi.