NAMBALA IMENE INANYENGA KATSWIRI WA MASAMU

Anzanga, tayang'anani nambala iyi: 4,294,967,297. Munthu atati aiwerenge kuyambira pa 1, nambala imodzi pa sekondi iri yonse, usana ndi usiku osapuma, angathe zaka 136.

Kapangidwe kace nkotere. Tengani 2 ndi kumculukitsa ndi 2 mnzace, mupeza 4. Citaninso comweco ndi 4, mupeza 16, kenaka 256, kenaka 65,536, potsiriza 4,294,967,296. Tsono pa iri yonse onjezanipo 1, kuyambira pa 2 uja. Zituluka ndi izi: 3, 5, 17, 257, 65,537 ndi nambala yathuyi.

Zisanu zoyambazo ziri za mtundu wochedwa prime m'Cingerezi, ndiko kuti nambala zosagawika ndi ina iri yonse koma 1 ndi izo zokha. Pierre de Fermat wa ku France ataona cimeneci, analemba m'caka ca 1640 kuti akhulupirira kuti zonse zopangidwa motere nzosagawika.

Tiyeni tiiyese tokha. Siigawika ndi 2 kapena 5 pakuti ithera ndi 7. Tikaonkhetsa manambala ace khumi tipeza 59, ndipo 59 sagawika ndi 3. Cotero nayonso siigawika ndi 3. Mungayese 7, 11, 13 mpaka coko kutha, idzakanabe.

Koma m'caka ca 1732 Leonhard Euler, mbadwa ya ku Switzerland, anasonyeza kuti 641 kuculukitsa ndi 6,700,417 atipatsa 4,294,967,297 ndendende. Euler anaonetsanso kuti kuyesa nambala zonse nkutaya nthawi, cifukwa yoigawa iyenera kukhala yotsala ndi 1 ikagawidwa ndi 64. Mwa zosagawika, zotere ndi 193, 257, 449, 577, ndipo yacisanu ndiye 641.

Nanga tiiika m'gulu liti? Coyamba, iri m'gulu la nambala za Fermat, ndipo ndiyo yoyamba kugawika m'gulumo. Caciwiri, iri m'gulu la zobadwa poculukitsa zosagawika ziwiri zokha, monga 15 abadwa mwa 3 ndi 5. Motero zoigawa zace nzinai basi: 1, 641, 6,700,417 ndi iyo yomwe. Cacitatu, iri m'gulu la zoperewera, pakuti zoigawa zitatu zazing'onozo tikazionkhetsa zingokwana 6,701,059, kutali ndi mwini wace.

Cozizwitsa ncakuti kufikira lero, ngakhale ndi makompyuta, palibe wapezanso nambala ya Fermat yosagawika kuposa zisanu zija.

Ife ophunzira titolepo nzeru. Lamulo likagwira nchito kasanu sindiye kuti lidzagwira kacisanu ndi cimodzi. M'masamu cifunika ndi umboni. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Amene akayika atenge pensulo, aculukitse yekha 6,700,417 ndi 641.