KUWERENGA ALENDO OPANDA ZIPHASO M'DZIKO LA AMERICA

Nkhani yathu ya lero ndi ya masamu, koma musatseke wailesi ai, pakuti masamu ace ndi omwe aja munaphunzira muli ana: kuonkhetsa, kucotsa, kucurukitsa ndi kugawa. Tifuna kuona m'mene anthu ophunzira a ku United States of America amawerengera alendo okhala m'dziko lao popanda ziphaso, ndiponso m'mene amayesera kudziwa ngati alendowo alemeretsa dziko kapena alisaukitsa. Mlandu umenewu ndi waukuru kumeneko. Akuru a ndale amapambana kapena kugwa nao pa cisankho, ndipo mabanja ambiri amagona osadziwa ngati mawa adzakhala pamodzi.

FUNSO LIMENE SAFUNSA

Boma la America limacita kalembera zaka 10 zilizonse, ndipo caka ndi caka limatumizanso mafunso ku nyumba pafupifupi mamiliyoni 3.5. Mafunso a caka ndi cakawo afuna kudziwa kumene munthu anabadwira, caka cimene analowa m'dziko, ndiponso ngati iye ali nzika. Koma funso lakuti, "Kodi muli ndi ciphaso?" mulibemo, cifukwa munthu woopa kugwidwa sangayankhe zoona, ndipo akaliona angakane kuyankha mafunso onse.

Tsono akatswiri amapanga cimene amacicha citsanzo ca masamu, ndico cifaniziro ca dziko colembedwa ndi manambala. Cifanana ndi mapu. Mapu sali dziko lenileni, koma akajambulidwa bwino amakufikitsani kumene mupita, ndipo akalakwika mudzasocera ngakhale pepala lace likhale lokongola cotani.

NJIRA YA ZOTSALA

Njira yakale ndi iyi. Tiyerekeze kuti tsiku la dipi mwawerenga ng'ombe 500 zolowa m'madzi, koma buku la mudzi lionetsa kuti eni mudzi ali ndi ng'ombe 440. Mukacotsa mupeza 60, ndipo mudziwa kuti izi zacokera kwina, ngakhale simunafunse mbusa aliyense. Akatswiri acita cimodzimodzi. Amatenga ciwerengero ca onse obadwira kunja amene anayankha mafunso a Boma, nacotsapo onse amene ali m'mabuku kuti analowa mololedwa. Otsalawo ndiwo opanda ziphaso.

Koma nchito siithera pamenepo. Buku liyenera kukonzedwa, popeza ng'ombe zina zolembedwamo zinafa ndipo zina zinagulitsidwa. Momwemonso alendo ena ololedwa anamwalira kapena anabwerera kwao. Ndiponso si ng'ombe zonse zimene zimabwera ku dipi. Cifukwa cace akatswiri amaonjezapo pang'ono, kuti alowetsemo amene anabisala kalembera.

Robert Warren ndi Jeffrey Passel ndiwo anachukitsa njirayi. Mu 1987 anaonetsa kuti kalembera wa 1980 anawerenga alendo opanda ziphaso pafupifupi mamiliyoni 2. Bungwe la Pew Research Center, pogwiritsa nchito njira yomweyi, linapeza mamiliyoni 12.2 mu 2007, ndipo ciwerengero cinatsika kufikira mamiliyoni 10.5 mu 2017. M'caka ca 2025 bungwelo linalengeza kuti mu 2023 anafika mamiliyoni 14, ciwerengero coposa zonse zimene linapezapo kale. Mwa amenewa pafupifupi mamiliyoni 6 anali anthu odziwika ku Boma, monga opempha malo othawirako amene milandu yao inali isanaweruzidwe.

NJIRA YA NKHOKWE

Mu September 2018 anthu atatu a pa mayunivesite a Yale ndi MIT, maina ao Mohammad Fazel-Zarandi, Jonathan Feinstein ndi Edward Kaplan, anayesa njira yina. Iwo anasiya mafunso a kalembera, nayamba kuwerenga monga acita mwini nkhokwe. Mukadziwa cimanga cimene cinalimo poyamba, cimene munathiramo ndi cimene munatapamo, mudziwa cotsala ngakhale osasuzumira m'kati.

Anayambira pa 1990, pamene alendo opanda ziphaso anali pafupifupi mamiliyoni 3.5. Ciwerengero cinali cocepa cotero cifukwa lamulo limene Ronald Reagan anasaina mu 1986 linapatsa ziphaso anthu ngati mamiliyoni 2.7. Caka ciliconse kufikira 2016 anaonkhetsapo magulu awiri: olowa ndi ciphaso ca kanthawi amene sanaturuke citatha, ndi odumpha malire. Odumpha malire sawerengeka ndi maso, koma ogwidwa amalembedwa. Tsono ngati mudziwa kuti pa anthu 10 oyesa kuoloka agwidwa 4, ndipo apolisi agwira 400, ndiye kuti oyesa anali 1,000 ndipo 600 anapulumuka. Atatero anacotsapo obwezedwa ndi Boma, omwalira, olandira ziphaso ndi obwerera kwao mwa kufuna kwao.

Popeza manambala ambiri mwa amenewa sadziwika bwino, anapatsa kompyuta malire a nambala iliyonse, naiuza kuti ibwereze masamu onse nthawi 1,000,000, ikusintha manambala nthawi iliyonse. Yankho la pakati linaturuka mamiliyoni 22.1, ndilo kuwirikiza kawiri ciwerengero ca njira ya zotsala m'zaka zimenezo. Ngakhale pamene anasankha dala manambala ocepetsa, anapeza mamiliyoni 16.7.

Nanga njira ziwiri zingasiyane bwanji ndi anthu mamiliyoni 11? Taonani mphamvu ya nambala imodzi yokha. Tiyerekeze kuti m'tauni mulowa alendo 1,000 caka ndi caka. Ngati pa alendo 100 alionse okhalamo 40 amabwerera kwao caka ciliconse, ciwerengero cidzakwera mpaka 2,500 ndi kuima pomwepo, cifukwa 40 pa 100 a anthu 2,500 ndiwo 1,000, olingana ndi olowa. Koma ngati obwerera ali 10 okha pa 100, ciwerengero cidzakwera mpaka 10,000. Olowa ndi omwewo, koma yankho lakula kanai.

Apa ndipo panagona mkangano. Akatswiri a bungwe la Migration Policy Institute anayankha m'magazini yomweyo kuti atatu aja anacepetsa obwerera, makamaka a m'zaka za m'ma 1990. Masiku amenewo amuna ambiri a ku Mexico anali kuoloka kukakolola m'minda, nabwerera kwao, naolokanso caka cinzace. Mukawerenga kulowa kwa munthu wotere kasanu koma kuturuka kwace kamodzi, munthu mmodzi asanduka anai. Ndiponso anthu mamiliyoni 11 sangabisale kotheratu: ana ao amabadwira m'zipatala nalembedwa m'sukulu, ndipo akufa ao amalembedwa. Cifukwa ca ici akatswiri ambiri sanasiye njira ya zotsala.

Ife kuno nkhaniyi siticitira cilendo. Makolo athu ambiri anapita ku Joni, ena ndi Wenela, ena pa selefu. A Wenela anali m'mabuku, a selefu ai. Akuru anati mlendo ndi mame, koma tidziwa kuti ena anabwerera patapita zaka ziwiri pamene ena anasanduka machona. Ku South Africa komweko bungwe la Human Sciences Research Council linanena m'zaka za m'ma 1990 kuti opanda ziphaso ali pakati pa mamiliyoni 2.5 ndi 4.1, ndipo pambuyo pace linabweza mau ace poona kuti njira yowerengera inali yolakwika. Kalembera wa 2022 anapeza obadwira kunja onse pamodzi mamiliyoni 2.4.

KODI MALIPIRO ATSIKA?

Tsopano tiyeni tione za cuma. Citsanzo capafupi cinena kuti ogulitsa tomato akacuruka pa msika mtengo utsika, kotero ofuna nchito akacuruka malipiro atsika. Mau amenewa ali ndi coonadi cace, koma asiya zinthu ziwiri. Coyamba, mlendo sagulitsa manja ace okha. Amagulanso ufa, nsapato ndi malo ogona, ndipo potero apatsa nchito anthu ena. Caciwiri, si anchito onse amene apikisana. Onyamula njerwa akacuruka, malipiro a onyamula njerwa anzao angatsike, koma mmisiri womanga amanga nyumba zambiri ndi kupindula.

Kuti aone cimene cipambana, akatswiri amafunafuna nthawi imene alendo anafika ambiri mwadzidzidzi. Mu 1980 Fidel Castro analola ofuna kucoka ku Cuba kuti akwere mabwato pa dooko la Mariel, ndipo anthu ngati 125,000 anafika ku Florida m'miyezi yowerengeka. Anthu a nchito mu mzinda wa Miami anaonjezeka ndi 7 pa 100. David Card anayerekeza Miami ndi mizinda yina kumene alendowo sanapite, ndipo mu 1990 analemba kuti malipiro ndi ulova sizinasinthe kwenikweni. Card analandira mphoto ya Nobel mu 2021. Koma George Borjas wa ku Harvard anabwereza masamuwo mu 2017, akuyang'ana amuna okhaokha amene sanatsirize sekondale, napeza kuti malipiro ao anatsika ndi 10 kufikira 30 pa 100. Omutsutsa anati amuna amene iye anawerenga caka ciliconse anali owerengeka cabe, osakwanira kuimirira mzinda wonse.

Palinso umboni wocokera mbali yina, ndiko kuti alendo akacotsedwa. Kuyambira 1942 kufikira 1964 America inali ndi pangano lochedwa Bracero, lolemba amuna a ku Mexico kuti adzagwire nchito m'minda, monga Wenela inalembera amuna a kuno. Boma linathetsa panganolo pofuna kukweza malipiro a eni dziko. Michael Clemens, Ethan Lewis ndi Hannah Postel anafufuza mabuku a nthawi imeneyo, ndipo mu 2018 anaonetsa kuti malipiro m'madera amene anataya anchito ambiri sanakwere kuposa a m'madera ena. Alimi a tomato a ku California anagula makina okololera, ndipo ena anasintha mbeu. Citsanzo ca masamu cimene ciiwala kuti mwini munda angagule makina cidzalonjeza zimene sizidzacitika.

Mu 2016 bungwe la National Academies of Sciences linasonkhanitsa umboni wonse wonena za alendo a mitundu yonse. Linati pakapita zaka 10 kapena kuposa, malipiro a eni dziko onse pamodzi sasintha kwambiri, koma amene amva kuwawa ndiwo alendo ofika kale ndi eni dziko osaphunzira kwambiri.

MSONKHO

Ambiri aganiza kuti wopanda ciphaso sapereka msonkho. Koma pogula katundu m'sitolo amapereka msonkho wa malonda, ndipo pa lendi ya nyumba pali msonkho wa mwini nyumba. Ambiri amalembedwa nchito ndi nambala yabodza kapena ya munthu wina, ndipo bwana amawadula ndalama za thumba la penshoni lochedwa Social Security, penshoni imene ambiri a iwo sadzailandira. Mu 2013 Stephen Goss, mkuru wa masamu a thumbalo, ndi anzace anawerenga kuti mu 2010 anthu amenewa anaikamo madola pafupifupi mabiliyoni 12 kuposa zimene zinaturuka cifukwa ca iwo. Biliyoni imodzi ndiyo mamiliyoni 1,000. Bungwe la Institute on Taxation and Economic Policy linawerenga kuti misonkho yao yonse mu 2022 inali madola mabiliyoni 96.7.

Komabe ndalama zimaturukanso. Mu 1982 Bwalo Lalikuru la milandu linagamula kuti mwana aliyense ayenera kulandiridwa m'sukulu za Boma ngakhale alibe ciphaso, ndipo ndalama zambiri za sukulu zicokera ku maboma a zigawo ndi a mizinda. Cotero thumba la Boma lalikuru ku Washington lingapindule pamene thumba la mzinda wa pa malire lilikulira. Yankho lisinthanso ndi kutalika kwa nthawi. Mukawerenga caka cimodzi, mwana wa sukulu ndi katundu wolemera. Mukawerenga zaka 50, iye yemweyo ndi wokhoma msonkho.

Mu 2025 Boma la Donald Trump linalimbikitsa nchito yogwira ndi kubweza alendo opanda ziphaso, ndipo mbali zonse ziwiri za mkanganowo zinachula manambala. Dziwani kuti nambala imodzi ingatumikire mbali zonse. Wonena kuti alendo ali mamiliyoni 22 aopsa anthu ndi kucuruka kwao. Koma popeza milandu yolembedwa ku polisi ndi ndalama zoturuka m'zipatala ndi zomwezo, mukazigawa ndi 22 m'malo mwa 11, gawo la mlendo mmodzi licepa ndi theka.

Tsono inu omvera, mukamva munthu alikuchula ciwerengero ca alendo, kaya a ku America kaya a ku Joni, mufunse kuti anaciwerenga ndi njira yanji, ndiponso kuti obwerera kwao anawaika angati. Ngati alikunena za phindu kapena za kutaya, mufunse kuti ndi thumba la yani, ndipo ndi pa zaka zingati. Wodziwa nchito yace adzakuyankhani mosavuta, ndipo adzakuuzani ciwerengero capansi ndi capamwamba, osati cimodzi cokha.