ALENDO A MUMLENGALENGA AKUTSAZIKA

Mwezi wa Marichi ukamapita kumapeto, chimanga chitakhwima ndipo fodya ali m'zigafa, pa mapiri a Dowa ndi Ntchisi pamachitika chinthu chimene anthu ambiri amachiwona koma osachilabadira. Anamzeze amene dzinja lonse amawuluka mobalalika pamwamba pa minda ndi madambo amayamba kusonkhana. Madzulo amandanda pa mawaya a magetsi a m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Mponela ndi ku Madisi, ndipo dzuŵa likamaloŵa amatsikira m'bango kukagona. Pakapita masabata oŵerengeka, mawaya aja amatsala okha. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nkhani ino ikufotokoza kumene alendo ameneŵa amapita, chifukwa chimene amapitira, m'mene amadziŵira njira, ndiponso chimene mlimi angataye ngati chaka china atapanda kubweranso.

Maulendo a mitundu itatu

Buku lotchedwa The Birds of Malawi, limene Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett adalitulutsa m'chaka cha 2006, lidaŵerenga mitundu ya mbalame pafupifupi 650 m'dziko muno. Yambiri mwa mitundu imeneyi ndi mbadwa. Nkhwali, nkhanga, pumbwa ndi nantchengwa zimabadwira ndi kufera m'dera limodzi. Koma pali zina zoyenda, ndipo maulendo ake ali a mitundu itatu.

Zoyamba ndi zochokera kutali kumpoto, ku Ulaya ndi ku Asia. Zimenezi zimafika kuno pakati pa Seputembala ndi Disembala, ndipo zimabwerera mu Marichi ndi Epulo. Kuno sizimanga zisa ngakhale kuyikira mazira, zimangodzadya.

Zachiŵiri ndi zoyendayenda mu Afirika mommuno motsata mvula. Kabaŵi, mdani wa anapiye, amawonekera nyengo yachisanu ikamatha ndipo amazimirira dzinja likamatha. Lumbe wamwamuna wa nthenga ziŵiri zazitali zolendeŵera kumapiko amadzaswa kuno mvula ikamayandikira, kenaka nkubwerera kumpoto. Dokowe wakuda wa mimba yoyera amaswa m'maiko a kunsi kwa chipululu cha Sahara, kuchokera ku Senegal mpaka ku Ethiopia, ndipo amafika kuno ndi mvula zoyamba.

Zachitatu sizichoka m'dziko muno, koma zimangotsika ndi kukwera phiri. M'nkhalango ya Ntchisi muli kambalame ka mutu wabuluu, mimba yachikasu ndi kadontho koyera pakhosi. Nyengo yachisanu ikafika, tina mwa timbalame timeneti timatsikira kunsi kofunda, ndipo timakweranso kukaswa kukayamba kutentha.

Anamzeze si amodzi

Omvera ena angatsutse kuti anamzeze sachoka, pakuti amawawona akumanga zisa zamatope pansi pa milatho ndi m'makonde a sukulu chaka ndi chaka. Zimenezo nzowona, koma anamzeze ali a mitundu yambiri. Wa mizeremizere pamimba ndi mutu wofiirira ndi wa konkuno. Wa mimba yoyera mbee ndi mchira wa nthenga ziŵiri zopyapyala ngati waya ndi wa konkunonso. Mlendo amadziŵika ndi khosi ndi chipumi zofiirira, mkanda wakuda pachifuŵa, mimba yotuŵira ndi mchira wamphanda. Iyeyo sadamangepo chisa ku Dowa. Chisa chake chili m'khola la ng'ombe kapena m'nkhokwe ya mlimi wina wa ku Ulaya kapena ku Asia, mtunda wa makilomita 7,000 kapena kuposa pamenepo. Komatu thupi lake lonse limalemera magalamu 20 okha, kufanana ndi masupuni aang'ono asanu a shuga.

Anthu adatenga zaka mazanamazana asadadziŵe zimenezi. Ngakhale ophunzira a ku Ulaya kale adali kukhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa maiŵe kufikira chisanu chitatha. M'chaka cha 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, padaphedwa dokowe woyera amene adali ndi nthungo ya ku Afirika itamupyoza pakhosi. Mbalameyo idali itayenda nayo nthungoyo ulendo wonse, ndipo ikusungidwabe ku yunivesite ya Rostock. M'chaka cha 1899 mphunzitsi wina wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, adayamba kuveka mbalame timphete tachitsulo ta nambala kumwendo. Njira imeneyi ndiyo idamasula mfundo. Namzeze amene adavekedwa mphete ku Staffordshire, ku England, m'chaka cha 1911, adapezeka ku Natal, ku South Africa, mu Disembala 1912.

Chifukwa cha ulendo

Chimene chimayendetsa mbalamezi ndi chakudya. Namzeze amadya tizilombo towuluka basi. Ku Ulaya, kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, kumazizira kotero kuti madzi amawuma ndipo tizilombo timasoŵeratu. Miyezi yomweyo kuno ndi dzinja, nthaŵi ya ngumbi, inswa, zitete ndi udzudzu. Koma pofika Epulo zinthu zimatembenuka. Kuno mvula imaleka, udzu umawuma ndipo tizilombo timachepa, pamene ku Ulaya mitengo imaphukira ndipo usana umatalika. M'mwezi wa Juni, m'maiko ambiri a kumeneko dzuŵa limaŵala maola 16 kapena kuposa pa tsiku. Mbalame yolera ana imapeza nthaŵi yaitali yosakira chakudya, ndipo namzeze amatha kuswa kaŵiri m'nyengo imodzi.

Ulendo sumangoyambika mwadzidzidzi. M'miyezi imene ali kuno, namzeze amathothoka nthenga zakale namera zatsopano, kotero kuti pofika Marichi mapiko ake amakhala amphumphu. Mbalame zambiri zimadya kopambana masabata omaliza kuti zisunge mafuta m'thupi. Mafuta ameneŵa ndiwo kamba wa paulendo, pakuti patsogolo pali chipululu cha Sahara, chimene kuchidutsa kwake ndi makilomita oposa 1,500 opanda madzi ndi mthunzi wodalirika. Mbalame imene yanyamuka yowonda simafika.

Njira ya m'mapiri ndi ya pamadoko

Timbalame tating'ono tambiri timayenda usiku ndipo anthu satiwona. Anamzeze amayenda masana, chapansipansi, akudya m'njira. Koma mbalame zikuluzikulu monga adokowe ndi ziombankhanga zili ndi nzeru ina. Dzuŵa likawotcha nthaka, mpweya wofunda umakwera m'mwamba monga m'mene utsi umakwerera. Mbalame imatambasula mapiko niloŵa mumpweya umenewo, nimazungulira kufikira itakwera kutali, kenaka imatsetsereka osakupiza mapiko kufikira itapeza mpweya wina wokwera. Chakum'maŵa kwa Dowa ndi Ntchisi dziko limatsika kwambiri kuloŵera kunyanja, monga adziŵira aliyense amene adayendapo pa msewu wa ku Salima kudzera ku Mvera. Mphepo ikawomba zitunda zotere imakankhidwira m'mwamba, ndipo mbalame zouluka motsetsereka zimapezerapo mwaŵi.

Pamwamba pa nyanja yaikulu mpweya wotere umasoŵa, chifukwa madzi satentha msanga ngati nthaka. Nchifukwa chake adokowe oyera sadutsa pakati pa nyanja ya Mediterranean. Amatsata mtunda ndi kuwolokera pamene madzi ali opapatiza: ku Gibraltar, kumene Afirika ndi Ulaya atalikirana makilomita 14 okha, kapena chakum'maŵa kudzera ku Suez ndi ku Istanbul. Motero mbalame zimene kuno zidali zobalalika m'maboma ambiri zimakawunjikana pamalo amodzi. Pa doko la Eilat, m'mphepete mwa Nyanja Yofiira, pamadutsa mbalame zolusa zikwi mazanamazana m'miyezi ya Marichi, Epulo ndi Meyi, ndipo anthu amachokera m'maiko akutali kudzaziŵerenga ndi magalasi owonera patali. Mwa mbalame zimene amaŵerenga kumeneko muli mitundu yomwe imathera dzinja m'mapiri a chigawo chapakati cha Malaŵi.

Kodi njira zimaidziŵa bwanji? Akatswiri adapeza kuti mbalame zimayang'ana dzuŵa masana ndi nyenyezi usiku, ndiponso zimamva mphamvu ya maginito ya dziko lapansi, yomwe imatembenuza kampasi. M'chaka cha 1958 katswiri wa ku Netherlands, A. C. Perdeck, adalengeza zimene adapeza atagwira mbalame zoposa 11,000 zili paulendo nakazimasulira ku Switzerland. Zikuluzikulu, zimene zidali zitayendapo kale, zidakhota nkulunjika kumene zimapita chaka ndi chaka. Zazing'ono zidangopitirira mbali imene zidali kuloŵera poyamba, nkukathera ku Spain ndi kumwera kwa France. Ndiye kuti mbalame imabadwa ikudziŵa mbali yoloŵera, koma malo enieniwo imachita kuwaphunzira.

Phindu lake kwa mlimi

Wina angafunse kuti zonsezi zikumukhudza bwanji munthu wolima chimanga kwa Chakhaza kapena kwa Nthondo. Yankho lili m'mimba mwa mbalamezo. Adokowe akatera m'munda kapena m'dambo amatola dzombe, zitete ndi ntchemberezandonda. Anamzeze amagwira tizilombo touluka kuyambira m'maŵa kufikira madzulo. Alendoŵa amafika nthaŵi imene mbewu zili zanthete ndipo tizilombo tili pachimake, nagwira ntchito imene mlimi akadalipira ndi ndalama za mankhwala.

Komatu ulendo wa mbalame uli ngati unyolo. Mphete imodzi ikaduka, wonse watha ntchito. Chitsanzo chake ndi kamphamba kotchedwa Amur falcon, kamene kamaswa kum'maŵa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China, kamadutsa ku India, nkuwoloka nyanja yamchere pafupifupi makilomita 3,000 osatera, kudzadya ngumbi kuno kumwera kwa Afirika. M'chaka cha 2012 kudadziŵika kuti pa damu la Doyang, ku Nagaland m'dziko la India, anthu adali kukola timphamba timeneti toposa 100,000 pa chaka ndi maukonde. Chaka chotsatira mafumu, mipingo ndi boma adagwirizana zoletsa, ndipo anthu a m'midzi yomweyo adasanduka alonda a mbalamezo. Chimene mudzi umodzi wa ku India udachita chidapulumutsa mbalame zimene zimawuluka pamwamba pa minda ya ku Malaŵi.

Mphete ina ya unyolo umenewu ili m'manja mwa anthu a kuno. Dambo likalimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, bango nkutenthedwa, anamzeze amasoŵa pogona. Mitengo ya msuku, mombo ndi tsamba ikatha ndi makala ndi milimo ya zigafa, timbalame todya mbozi za m'masamba timasoŵa podyera. Mankhwala opopera mosasamala amapha tizilombo pamodzi ndi zotidya. Legeni ndi ulimbo nazo zimachotsa mbalame imene yayenda makilomita zikwizikwi, chifukwa cha kanyama kosakwana ndiwo ya mwana mmodzi. Nkhalango ya Ntchisi, imene idakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa m'chaka cha 1924, ndiponso nkhalango ya Kongwe ku Dowa, zatsala ngati zilumba pakati pa minda. Mbiri imanena kuti Acheŵa adali kubisala m'nkhalango ya Ntchisi pothaŵa nkhondo ya Angoni. Lero ndiyo pothaŵira mbalame, ndiponso ndi gwero la mitsinje imene anthu a m'munsi mwa phiri amamwa.

M'mene munthu angaziwonere

Kupenya mbalame sikulira chuma. Jali Makawa, amene adagwira ntchito zaka zambiri ndi C. W. Benson, mlembi wa mabuku a mbalame za dziko lino a 1953 ndi 1977, adatchuka chifukwa cha maso ndi makutu ake, ndipo mbalame ina ya m'nkhalango idatchedwa dzina lake. Chofunika ndi kope, pensulo ndi kuleza mtima, pakuti kuwona maso a nkhono nkudekha.

Wofuna timbalame ta m'mitengo alawire m'mamaŵa, avale zovala zosaŵala, ayime dzuŵa lili kumbuyo kwake, ndipo amvetsere asadayambe kuyang'ana. Wofuna adokowe ndi ziombankhanga akhale pa chitunda choyang'ana kum'maŵa kuyambira cha m'ma 9 koloko, nthaka itayamba kutentha. Wofuna anamzeze apite kudambo la bango dzuŵa likamapendeka. Amene ali kunyanja ayang'ane pamchenga ndi pamiyala ya pa doko la Chipoka kapena ku Nkhotakota, kumene timbalame ta miyendo yaitali tochokera kumpoto timayendayenda m'mphepete mwa madzi.

Aphunzitsi angathe kupatsa ana ntchito yolemba tsiku limene awona namzeze wachilendo komaliza mu Epulo, ndi tsiku limene amuwonanso koyamba mu Okutobala. Sukulu ikasunga masiku otere zaka khumi, imakhala ndi mbiri imene ingasonyeze ngati nyengo ikusintha. Ndipo munthu akatola mbalame yakufa yokhala ndi mphete kumwendo, alembe nambala ndi mawu onse a pamphetepo, tsiku ndi malo, nkukapereka kwa alangizi a zankhalango kapena ku bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi. Kamphete kotero nkalata yochokera kutali, ndipo alipo munthu kwinakwake amene akudikira yankho lake.

Masabata ano alendo akunyamuka. Ofooka adzatsalira m'chipululu, ena adzagwa m'maukonde a m'njira, koma ambiri adzafika, adzaswa, ndipo mu Okutobala adzabwera ndi ana awo amene sadawonepo phiri la Ntchisi. Chimene adzapeze pofika, kaya ndi dambo la bango ndi mitengo, kaya ndi phulusa ndi zitsa, chidzatsimikizika m'miyezi ya chilimwe ikudzayi, pamene anthu adzatenga nkhwangwa ndi machesi m'manja.