MASAMU A LIU LA PANSI PA MADZI ATETEZA KAPENTA

Kapenta amene amai agula pa msika wa Kapata mu Chipata acokera kutali: ku nyanja ya Tanganyika kudzera ku Mpulungu, ndi ku Kariba kudzera ku Siavonga. Koma kodi ndani adziwa kuculuka kwa tinsomba timeneti m'madzi akuya mmene diso silifika? Akatswiri a za nsomba atiwerenga ndi liu.

Munthu akafuula pafupi ndi phiri la Kanjala, liu lace limabwerera. Cimodzi-modzinso makina a m'bwato amaponya liu pansi pa madzi ndi kumvetsera pamene libwerera. Mu mpweya liu liyenda mamita 340 pa sekondi imodzi, koma m'madzi liyenda pafupi-fupi mamita 1,500. Liwiro limeneli analipima Daniel Colladon ndi Charles Sturm pa nyanja ya Geneva m'caka ca 1826, poliza belu pansi pa madzi. Motero pa malo akuya koposa a Tanganyika, mamita 1,470, liu lipita pansi ndi kubwerera m'masekondi awiri.

Nchito yaikuru iri pa masamu. Liu limafooka likamapita patali, cotero nsomba ya pansi imveka ngati yaing'ono kuposa inzace ya pamwamba. Ndiponso liu lifulumira m'madzi ofunda a pamwamba ndi kucedwa m'madzi ozizira a pansi, ndipo likayenda copingasa njira yace imapindika. Akatswiri amayamba apima kutentha ndi kuya kwa madzi, nawerengera mmene liu lidzayendera, kenaka akonza zimene makina amva. Akalakwitsa masamu, nsomba zocepa zioneka zambiri.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kapenta wa ku Kariba anacita kumtenga ku Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968, ndipo m'zaka za m'ma 1990 akatswiri a Zambia ndi Zimbabwe anagwirizana kumuwerenga ndi makina a liu. Ciwerengero cotere cithandiza Boma kudziwa mabwato angati ayenera kuloledwa kupha nsomba. Mabwato akaposa muyezo, kapenta amacepa, mtengo wace umakwera, ndipo mabanja a ku Katete, Chadiza ndi Lundazi amasowa ndiwo.

Ana a sukulu amene ayesa masamu cinthu copanda pace aganizire bwino: ngakhale ndiwo za pa nsima zidalira masamu.